Boma Linali Litachoka

Okondedwa achimwene a Ghassan,

Mtendere ukhale nanu. Kaya muli bwanji ku Abidjan kumeneko, pamodzi ndi alamu anga ndi ana? Kuno ku Halba amayi miyendo ikuwavutabe, koma akuyenda. Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Mwina mwamva kale kuti amuna anga a Mazen ali m'chipatala. Zimene simunamve ndi izi.

Masola munatumiza aja, bambo anawaika padenga n'kuwalumikiza ku nthambo za boma osalembetsa. A Mazen, poti ntchito yawo ndi yokwera mapolo a magetsi, anawachonderera kuti alembetse, aikenso kachipangizo kamene kamadula sola magetsi a boma akazima. Bambo mukuwadziwa. Anaseka, amvekere boma longobwera mwa apo ndi apo ngati mlendo silingalamule dzuwa lawo, ndipo mkamwini ngati akufuna zolembetsa akalembetse ndevu zakezo.

Paja kuno magetsi timangoti "boma". Lachiwiri lapitali a Mazen atafika pa polo ya pafupi ndi ophika buledi, anafunsa ngati boma lilipo. Msewu wonse unayankha kuti boma linachoka dzana, wina mpaka kunena kuti likadzabwera tidzaliphera nkhosa. Sananame. Koma dzuwa linali paliwombo, ndipo nthambo ya papolopo inali ndi moto wochokera ku masola a padenga la munthu. Motowo unawatentha, ndipo madokotala awadula dzanja lamanja.

Achimwene, mumsewu mwathu denga lopanda kachipangizo kaja ndi limodzi lokha, la bambo. Akuluakulu a zamagetsi atawafunsa kuchipatala, a Mazen anati sakudziwa kanthu, n'kutembenukira kukhoma. Bambo anabwera kudzawaona atanyamula malalanje, ndipo mwachizolowezi anatambasula dzanja kuti apereke moni. Mayo ine! Linangokhala m'malere mpaka analibweza m'thumba.

Bambowo ndinawagwadira kuti azimitse masolawo. Akuti akazimitsa lero aliyense adziwa kuti ndi iwo, ndiye munthu ngati iwo nkhope akaiika kuti ku mzikiti? Ndinawafunsa kuti nanga dzanja la amuna anga aliika kuti. Anandiuza kuti ukwati wandichotsa ulemu.

Nthambo ija sinakonzedwebe. Sabata yamawa akwerapo Bilal, mnzawo wa a Mazen, amene mkazi wake ndi woyembekezera. Naye adzafunsa za boma, ndipo anthu adzamuyankha zoona zomwezija. Ndikuchita mantha, achimwene, chakudya sichikulowa.

Chonde aimbireni foni bambo. Inu ndinu mwana wawo woyamba wamwamuna, amakumverani. Ine kwa iwo ndine mkazi wa eni. Auzeni azimitse, akalembetse. Mukawachitira manyazi, ndikawaneneza ndekha kwa akuluakulu a zamagetsi Bilal asanakwere, ngakhale ndikudziwa kuti pakhomo pomwe ndinabadwira sindidzapondaponso.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwapsompsone. Mulungu akusungeni, atikhululukire tonse.

Ndine mlongo wanu,
Nuhad