Dzina la Wilgenbeek ndi Dimba la kwa Nachisale

Ellenbrook, Perth
15 Juni 2025

Okondedwa achimwene a Jameson,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Area 25 kumeneko. Ife kuno tilipo, kungoti kwazizira, kamvula ka Juni kakungowaza tsiku lonse ngati ka ku Bembeke, mpaka mawondo anga ayamba kundiwerengera zaka. Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati kale pamene foni ilipo. Pa foni inu simundipatsa mpata, achimwene. Ndikangoti "koma", inu mwayamba kale kundiphunzitsa ngati ndidakali mu Sitandade 5 yanu ija, ndipo mukamamaliza netiweki yadula. Ndiye lero mundimva mpaka kumapeto. Ndapatsira Fortunate, mnzanga wa kutchalitchi amene akubwera kumudzi sabata ya mawa. Watenganso mafuta opaka a alamu ndi majekete awiri.

Nkhani ndi ya alamu athu a Ignasio, amuna a malemu mng'ono wanga Vera. Munandiuza kuti mu Ogasiti, tikatha za chiliza cha amayi, mudzawasudzula abwerere kwawo ku Angonia, kuti dimba la kwa Nachisale lisungidwe kudikira ine ndi mwana wanga Tayamika. Ine ndinayankha kuti chabwino. Lero ndikubweza mawu amenewo. Musakwiye msanga, yambani mwamva za munthu amene wandisintha maganizo.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito ku Midland kuli agogo ena aamuna, a Gerrit Wilgenbeek. Musavutike kulitchula dzinalo, ine lilime linapindika mwezi wathunthu. Anabadwira ku Holland, chakum'mawa, kufupi ndi malire a Germany, ndipo anafika kuno pa sitima ya pamadzi ali mnyamata, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha kumene. Moyo wawo wonse akhala akumanga nyumba za njerwa. Ndi munthu wamakani, achimwene, mungamvane kwambiri. Tiyi akati watentha, ukamuziziritsa akuti wawapatsa madzi otsukira mbale.

Koma chimene chinkawadya mumtima ndi dzina lawolo. Akuti ku Australia konse kuno watsala nalo ndi iwo okha. Mwana ali naye mmodzi, Debbie, ndipo anakwatiwa kwa a Paterson n'kutenga dzina la kumeneko. Debbie atafufuza pa intaneti anapeza kuti ngakhale ku Holland komweko eni dzinali sangadzaze minibasi ya ku Dedza, ndipo ambiri ndi amayi okalamba. Ine poyamba ndinkangowaseka. Ndinkati, "Agogo, mubwere kwathu. Mukafuula pamsika kuti a Phiri, theka la msika litembenuka, wina akufunsaninso ngati mwamubweretsera kanthu." Iwo sankaseka. Ndikamawaveka masokosi m'mawa ankangoti, "Ana, ine ndikafa, dzinali lafa." Amanditcha Ana, akuti Annastazia ndi lalitali, ngati lawolo ndi lalifupi!

Tsiku lina ndinawafunsa tanthauzo la dzina lawolo. Anati ndi mtsinje wa mitengo ya misondodzi, ndipo ndi dzina la munda umene anabadwirapo. Pamenepo ndiye anamasuka. Anandiuza za nyumba imene anthu ndi ng'ombe ankagona pansi pa denga limodzi kuti azitenthetsana, za kamtsinje kodutsa kuseri, ndi misondodzi imene ankaidula mitu zaka zingapo zilizonse kuti iphuke timitengo tolukira madengu. Iwo akulankhula, ine sindinkaona Holland ayi. Ndinkaona kamtsinje kathu. Ndinkaona amayi atapinda chitenje akutsuka kachewere m'madzi ozizira aja mpaka zala kuuma, ine ndi Vera tikuba mapichesi osapsa n'kumadzalira m'mimba madzulo, inu mutakhala pachulu ndi buku, kunamizira kuwerenga kuti musathirire kabichi. Musakane, ndinkakuonani.

Mu Epulo Debbie anapita ku Holland kukafunafuna mundawo. Anabwerako nkhope ili gwa. Anandikokera pakhonde n'kundiuza kuti munda ulipo, dzina lilipo pachipata, koma okhalamo si abale awo ngakhale pang'ono. Ndi banja lina limene linagula malowo kalekale, ndipo m'mapepala lili ndi dzina lake. Chimene chinamuwawa n'chakuti atafunsa pasitolo ya m'mudzimo ngati kuli wa kwa Wilgenbeek aliyense, anangomulozera kuti, "Wilgenbeek ndi uyo ali pa thirakitalayo." Debbie anati, "Atibera dzina, Ana. Ndikawaonetsa adadi vidiyoyi mtima wawo uja suima?" Anandipempha kuti ndikhale pafupi ndi makina oyezera bipi.

Tinawaonetsa masana, atangomaliza kudya. Agogo anayang'ana foni ija osaphethira. Nyumba inadutsa, chipata chinadutsa, bambo wonenepa wa pa thirakitala uja anadutsa akubaibitsa dzanja. Kenaka anati, "Bwezera pa mitengo paja." Debbie anabwezera. Anayandikitsa foni mpaka pamphuno, n'kunena kuti, "Wadula bwino. Mnyamatayu wadula bwino." Basi anayamba kuseka, misozi ikutsika, ine ndili chilili ndi makina anga ngati chitsiru.

"Adadi, simukukwiya?" anafunsa Debbie.

"Ndikwiyirenji? Iwe ukuganiza kuti ife tinalipeza bwanji dzinali?"

Ndiye anatifotokozera. Akuti kwawo kuja, kale, dzina silinkayenda ndi magazi, linkakhala pamunda. Amene akulima mundawo ndi amene ankatchedwa nalo. Mwamuna akakwatira mwana wamkazi wa pamunda wina n'kukakhala komweko, ankasiya dzina la atate ake n'kutenga la mundawo. Kholo lawo la agogowa linali munthu waganyu, linafika pamenepo ndi kamtolo ka zovala basi, n'kukwatira mwana wa mwini munda. Boma litalamula, zaka mazana awiri zapitazo, kuti aliyense alembetse dzina limodzi losasinthasintha, iye analembetsa la mundawo, ndipo n'chifukwa chake ndi losowa chonchi: linachokera pa khomo limodzi lokha. "Ine ndimayesa kuti mwambowo unatha," anatero. "Kani dzina lili phee pamalo pake. Amene ndinachoka ndine."

Ine pakamwa panga mukupadziwa. Ndinangofuula kuti, "Ndiye kholo lanulo linali mkamwini!" Anafunsa kuti n'chiyani chimenecho, ndinawafotokozera za chikamwini, ndipo posakhalitsa ndinapezeka ndikuwauza zonse za a Ignasio. Ndinawauza mmene anafikira pakhomo pathu ndi njinga yopanda mabuleki, inu n'kumati Vera watola mphepo. Ndinawauza kuti Vera anatisiya osasiya mwana, ndipo abale atati mwamunayo asudzulidwe, amayi anakana kuti, "Ine ndili moyo, Ignasio sapita." Ndinawauzanso za zaka zotsiriza za amayi, mmene a Ignasio ankawakwezera panjinga kupita nawo kuchipatala, mmene ankachapira mabulangete awo kumtsinje anthu akuwaseka kuti mwamuna wanji wochapira apongozi. Inu munkabwera Loweruka, ine ndinkaimba foni. Sindikukunenani, achimwene, ndikudzinena ndi ine ndemwe.

Agogo anamvetsera, kenaka anafunsa kuti, "Nanga anthu a kumeneko amamutcha ndani munthuyo?"

Pamenepo ndinakumbukira za chaka chatha nditabwera kumaliro a amayi. Tsiku lina tinaima pamsika wa pamsewu ku Bembeke, ine ndi a Ignasio. Dalaivala wa lole yogula kachewere anafuula kuti, "A kwa Nachisale!" Ine ndinatembenuka mwachangu ndikumwetulira, poti Nachisale anali agogo anga ondiberekera amayi, si a munthu wina. Koma dalaivalayo anandipitirira n'kukagwira dzanja la a Ignasio. Ndipo mayi wina wogulitsa tomato anawafunsa chapansipansi kuti, "Nanga alendowa ndi akuti?" Zinandiwawa, moti sindinauze munthu mpaka tsiku limeneli.

Nditawauza, agogo anangogwedeza mutu. "Ndiye mukamuchotsa, mukalima ndinu?"

Aa, ndinapsa mtima! Ndinawamanga lamba wa bipi mothinitsa dala n'kuwauza kuti za kwathu sizikuwakhudza, iwo asamale za tiyi wawo. Koma pobwerera kunyumba, ndikudutsa m'minda ya mphesa ija ya pakati pa Midland ndi kuno, ndinaimika galimoto pambali n'kulira ngati mwana.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikuchizemba pa foni paja. Achimwene, ine sindidzabweranso kudzalima. Chaka chilichonse ndimati zaka ziwiri zokha, zaka ziwiri zokha, ndipo inu mumandikhulupirira chifukwa mumandikonda. Msana wanga unathera kunyamula okalamba a eni, khasu sungalithenso. A Sekani, alamu anu, anazika mizu kuno, abzala mpaka mandimu kuseri kwa nyumba. Tayamika ndinamuyesa dala. Ndinamuuza kuti ali ndi dimba lake ku Malawi limene amalume ake akumusungira. Anamva zonse, poti Chichewa amamva, koma anayankha m'Chingerezi chake cha m'mphunocho kuti ndimuonetse pa mapu a mufoni. Ataona kobiriwirako anati n'kokongola, n'kundipsompsona patsaya, n'kuthamangira sitima ya kusukulu. Si mwana woipa. Kwawo ndi kuno basi. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, zimenezo ndikuzidziwa, ndipo mtima wanga sunachoke pa kamtsinje kaja tsiku n'limodzi lomwe. Koma kukonda malo ndili kuno sikupalira udzu wa m'dimba.

Ndikudziwa zimene munene. Munena kuti mkamwini asakule mwendo. Mwendo wake uti, achimwene? Munthu wakhala pakhomo pathu kuyambira tsitsi lili bii mpaka lachita imvi, sanagulitsepo ngakhale mzere umodzi, mapichesi a amayi akadabereka, ngalande zikadayenda madzi. Ku Angonia kumene mukuti abwerereko makolo ake anatha, munda anagawana ena kalekale. Akafika kumeneko adzakhala mlendo woposa ine pamsika paja. Munenanso kuti nanga akakwatira? Akwatire! Vera sanali wansanje ali moyo, sayamba lero. Ndipo tikawachotsa, dimbalo silikhala likundidikira ayi. Chaka sichitha, ana a Jabez, msuweni wathu wa kutsidya uja, alowetsamo mbuzi zawo, kenaka mudzamva kuti wina wabwereketsa kwa ogula kachewere, ndipo mitengo ya amayi yasanduka makala.

Inu ndinu mwini mbumba, sindikulanda udindo wanu. Koma mbumba yanu yatsala ndine ndekha, ndipo ndikupempha ndi maondo pansi. Ngati mwambo ukufuna kuti asudzulidwe, asudzuleni, akhale mfulu. Koma tsiku lomwelo, pamaso pa anthu omwewo, muimirire munene kuti nyumba ija ndi dimba lija akhalamo mpaka Mulungu atawaitana, ndipo akadzaitanidwa adzagona pambali pa Vera. Inu mukanena, palibe amene angatsutse. Mawu anu ndimawadziwa kukula kwake.

Agogo a Gerrit asiya zoti dzina likufa. Sabata yatha anatuma Debbie kuti atumize kwa bambo wa pa thirakitala uja kampeni kodulira mitengo ka atate awo, kamene anabwera nako pa sitima. Koma ine ndiye ndalowa m'mavuto. M'mawa uliwonse ndikalowa ndi mapiritsi amatseka pakamwa n'kufunsa kuti, "Mkamwini uja wathamangitsidwa?" Ndikati ayi, sanathamangitsidwe, ndi pamene amameza. Ndiye muone, achimwene, bipi ya mzungu wa eni ili m'manja mwanu.

A Sekani akupereka moni, Tayamika akuti muwauze azisuweni ake kuti adzabwera akamaliza sukulu. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mafutawo azipaka madzulo, asawasunge m'kabati ngati aja oyamba. Moni kwa ana onse ndi zidzukulu. Mukapita kukaona za chiliza, muime pang'ono pa amayi ndi pa Vera, muwauze kuti Annastazia sanaiwale, kungoti njira inatalika.

Za majekete aja, lakudalo ndi lanu. Lofiiriralo si lanu, musaliyese n'komwe, ndimakudziwani. Ndasankha lochindikala, lolimba, loti munthu avale zaka zambiri pothirira mbewu m'mawa wa Juni ku Bembeke. Si jekete la paulendo. Papulasitiki pake sindinalembe Ignasio, ndangolemba kuti "A kwa Nachisale". Mukapereke nokha ndi manja anu, musatume mwana. Ngati mukukayika kuti mwini wake ndani, mukatsike pamsika paja mufunse aliyense, akulozerani.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Annastazia