Tishaki ta pa Matanthwe a Amayi

Nuakata,
9 Okutobala

Okondedwa achimwene Wesley,

Ndikhulupirira muli bwino uko ku minda ya nthochi ku Innisfail. Kuno tilipo ndithu. Chilazi chabereka, denga la tchalitchi latha, ndipo Delma wanga wakhoza mayeso.

Mlendo wanu uja, mzungu Craig, anafika. Poyamba ndinakana kumuonetsa matanthwe athu a m'nyanja, poti inu nomwe munazikapo mtengo wa gwala, chiletso chathu chamakolo chija, tsiku lomwe tinaika amayi m'manda, n'kulengeza kuti pasapezeke woponyapo mbedza. Koma anatsegula foni, ndipo ndinamva mawu anu: "Mlongo wanga, uyu ndi wofufuza, akungofuna zithunzi. Muthandize." Ndikanakana bwanji mwinimbumba?

Madzi ataphwa ndinapita naye. Ndinamuonetsa pamene tishaki tamawangamawanga tija timabisala, tija timakwawa ndi zipsepse kuchoka pachithaphwi ichi kupita pachina ngati mwana wophunzira kuyenda. Ndinamuonetsanso mazira ake pansi pa mwala. Anafunsa ngati timasamukira kwina. Ndinamuuza kuti ayi, pamene kaswedwa m'pamene kadzakalambire. Anagwedeza mutu mosangalala, ine n'kumati wakonda nkhaniyo. Madzulo anadya chilazi ndi nkhanu pakhonde pathu.

Lamulungu, tonse tili kutchalitchi, boti lake linabweranso ndi amuna onyamula zitsulo ndi migolo. Azakhali a Naomi okha ndiwo anali pakhomo chifukwa cha mwendo wawo uja. Anakwawa mpaka kugombe akukuwa, "Akuba inu! Simukuwuona mtengowo?" Mmodzi anawayankha akuseka, "Gogo, kagoneni. Eni ake analola."

Achimwene, mukanaona. Miyala yonse anaigadabuza, mazira akuuma padzuwa. Tishaki anatitenga, koma Delma anapeza kamodzi kopanikizika pansi pa mwala, katafa. Anakanyamula ngati khanda mpaka kunyumba, ndipo tsiku lomwelo sanadye.

Ndinaima pamsonkhano wa mudzi n'kukuikirani kumbuyo. Ndinati mlendoyo wanamiza tonse awiri. Mkazi wa abusa atanena kuti anthu opita kunja amasintha, ndinamuyankha zoti ndikuchita nazo manyazi mpaka lero.

Ndiye Lachitatu lapitali boti la ku Alotau linatsitsa bokosi lalikulu padoko, anthu onse akuona. Woyendetsa anandiitana mokweza: "Merolyn, bwera udzalandire injini ya boti ya achimwene ako! Craig akuti zikomo, tinsomba tija tafika bwino, tili kale m'mathanki agalasi m'nyumba za anthu olemera. Akuti tikachulukanso umuuze." Azakhali analavula pansi buai, mtedza amatafuna uja, n'kutembenuka.

Ndikudziwa kuti mwakhala mukulakalaka injini kuyambira pamene amayi anadwala, ife n'kumapalasa ngalawa kulimbana ndi mphepo kuti tikafike kuchipatala. Zimenezo sindikuzinyoza. Koma mukanandiuza. Tikanakangana, mwina ndikanalira, koma ndikanakana ndi pakamwa panga. Inu munasankha kuti ndiwatsogolere ndi miyendo yanga, ndikumwetulira, ine amene ndimakhala pakati pa anthuwa tsiku ndi tsiku.

Tsopano anthu a tsidya lina la chilumba ayamba kuponya maukonde pamatanthwepo. Nditawaletsa anati, "Gwala wake uti? Si inu nomwe munamuswa?" Madzi akaphwa ndimapitabe kukabwezera miyala m'malo mwake, ina yolemera yoti sindingaithe ndekha. Sindinaonepo kashaki ngakhale kamodzi.

Bokosi lanu likadali padoko. Palibe wavomera kulinyamula, ndipo ine sindipempha munthu. Mvula ikuligwera. Mulembe mundiuze chochita nalo.

Ndikupemphani chinthu chimodzi. Mumufunse mnzanuyo ngati tishaki tonse tinafika tamoyo, ndiponso ngati amatipatsa pobisala, chifukwa sitikonda kuwala.

Mupereke moni kwa anyamata akwathu amene muli nawo kumeneko. Bambo a Delma akupatsani moni. Azakhali ndinawafunsa ngati ali ndi mawu, anati alibe. Ana akufunsa ngati mubwera pa Khirisimasi. Iwo akudziwa kuti tishaki anatiba mzungu basi, ndipo akuti amalume akamva akamuthira mbama. Sindinawakonze. Mudzawauze nokha.

Ndine mlongo wanu ndithu,
Merolyn