Firikiki yasiya kukhota, mlandu agwetsera mkazi wanga

Aphungu,

Ndatopa ine. Ndine mlimi wa fodya, koma Lamlungu masana ndimasewera mpira m'timu ya m'mudzi mwathu kuno ku Mvera. Mwendo wanga wamanzerewu ndiwo unanditchukitsa. Firikiki ikapezeka pafupi ndi golo, anthu ankayamba kuvina ndisanamenye n'komwe, chifukwa mpira unkalambalala khoma la osewera n'kukhotera pakona, goloboyi n'kungouperekeza ndi maso.

Chaka chino zinthu zatembenuka. Kochi wathu, a Alexio, anabweretsa mankhwala ochokera kwa sing'anga wina wa ku Ntchisi. Mpira wathu ndi wakale, wasokedwa kangapo ku Mponela. A Alexio amaunyika m'ndowa ya mankhwalawo Loweruka, n'kuuvuula masewero ali pafupi kuyamba. Usiku wa Lowerukawo osewera tonse timakagona kusukulu kuti tisayandikane ndi akazi athu. Chiyambireni zimenezi, ndikamenya mpira umangopita chowongoka. Mwina ukagunda khoma, mwina ukagwera m'munda wa chimanga kuseri kwa golo.

A Alexio akuti vuto ndi mkazi wanga Lidia. Anandiuza pagulu kuti, "Mkazi wakoyo ndiye akusukulutsa mankhwala. Umazemba usiku iwe!" Sindinazembepo, Aphungu. Umboni wawo ndi wakuti tikakasewera koyenda, monga ku Dzaleka, firikiki yanga imakhota bwinobwino. Ati n'chifukwa ndimakhala kutali naye.

Pano Lidia sangapite kumjigo mwamtendere, ana amamukuwiza kuti ndi wogonjetsa timu. Dzulo anandiuza mosakweza mawu: "Bambo a Takondwa, ine ndalema. Mukakagonanso kusukuluko Loweruka, mudzandipeza kwa amayi." Timu ndimaikonda, mkazi wanga ndimamukonda, koma mphamvu zokangana zandithera. Kodi mwendo wangawu walodzedwa?

E.B., Mvera

A E.B.,

Mwendo wanu uli bwino, ndipo Lidia alibe mlandu. Yankho mwalemba nokha, kungoti simunalione. Koyenda mumamenya mpira wa eni bwalo, wouma. Kwanu mukumenya chinthu chogonera m'ndowa!

Mpira sukhota mwamwayi ayi. Mukaumenya chakumbali ndi mkati mwa phazi, umauluka ukuzungulira. Mbali imodzi imayenda ndi mpweya, inayo imalimbana nawo, ndiye mpweyawo umaukankhira cham'mbali. Koma kuti uzungulire, jombo iyenera kugwira chikopa. Nanga igwira bwanji chikopa choterera ngati therere? Komanso mpira wosokasoka umamwa madzi n'kulemera, moti mpweya sungaukankhe mokwanira. Onjezanipo mantha. Munthu wamantha amagadamira kumbuyo pomenya, mpira n'kukwera m'mwamba. Ndi umenewo ukukagwera m'chimangawo.

Za sing'anga musakangane nawo a Alexio, mungotha malovu. Tsiku lokonzekera masewero, bwerekani mpira wouma. Menyani umenewo, kenako menyani wonyikidwawo, timu yonse ikuona. Phazi loponda pansi likhale pambali pa mpira, chifuwa chiweramire kutsogolo pang'ono, kakolo alimbe, ndipo mwendo usaime mukangomenya, upitirire. Maso awo aweruze okha. Akaumirirabe mankhwala, akawaze pamitengo ya golo, imeneyo sifunika kuzungulira.

Koma musanagwire mpira, yambirani kunyumba. Pali chandiwawa m'kalata yanuyi, achimwene. Mwalemba zomwe a Alexio ananena za mkazi wanu pagulu, koma zomwe munayankha inu sindikuziona. Ndikuganiza kuti munangoti zii, maso pansi. Chimene chamulemetsa Lidia si ana a kumjigo, ndi kukhala chete kwanuko. Mupepeseni lero. Kenako muwauze a Alexio kuti mawu ananenera pagulu akawabwezere pagulu pomwepo. Ndipo Loweruka likudzali mugone m'nyumba mwanu.

Chenjerani, mkazi akanena motsitsa mawu kuti walema, ndiye kuti zovala wapinda kale mumtima. A Alexio akakana kuyesa mpira wouma, avulireni jezi yawo mwaulemu. Timu ipeza wina womenya firikiki Lamlungu lomwelo. Koma Lidia akatuluka pakhomopo, pabenchi palibe wolowa m'malo mwake.

Aphungu