Ndinachepetsa katoni ya alamu anga, makina andiulula

Aphungu,

Madzi afika m'khosi. Ndine mayi wa ana awiri, ndipo ndatha zaka zisanu ndi chimodzi pa kauntala ya kampani yonyamula katundu. Ntchito yanga ndi kulandira makatoni, kuwaika pa sikelo, kenako kuwayeza ndi tepi mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Anthu ambiri sadziwa kuti ife sitiona kulemera kokha. Katoni yopepuka koma yaikulu imadya malo m'galimoto, ndiye kompyuta imatenga miyeso ija n'kuisandutsa makilo. Tikayerekeza makilo a sikelo ndi makilo a tepi, ochulukawo ndi amene timalipiritsa.

Lolemba lapitali kunabwera alamu anga, achemwali awo a amuna anga, atasenza chikatoni chachikulu ngati cha firiji. M'katimo munali mapilo anayi ndi bulangete, zopita kwa mwana wawo ku koleji. Pa sikelo, makilo anayi. Pa tepi, makilo 24. Nditawauza, anakweza mawu mzere wonse ukumva: "Alamu, mwayamba kugulitsa mpweya? Kapena m'katonimo mwalowamo inuyo? Ine ndimati tili ndi munthu wathu pano!" Anthu anafa nacho chiseko. Aphungu, awa ndi alamu amene mpaka lero akamandinena amati "uja wa achimwene". Ndinkafuna tsiku limodzi lokha andione ngati munthu. Ndinagwidwa ndi manyazi, n'kulemba miyeso ya katoni ya nsapato.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti ku depoti anaika makina amene amayezanso katoni iliyonse ikamadutsa pa lamba, n'kuijambula chithunzi. Akapeza kusiyana, chikalata cha mtengo wokonzedwa chimapita chokha pa imelo ya bwana ndi pa foni ya wotumiza. Changa chinapita chili ndi dzina langa, nthawi yake, miyeso yanga ndi ya makina zitandandalikidwa pamodzi. Kuwonjezera apo, galimoto imapakiridwa motsata manambala athu. Tsiku limenelo inadzaza nthawi isanakwane, makatoni awiri a kasitomala wina anatsala pansi, ndipo iye wakadandaula ku ofesi.

Mukuganiza kuti alamu anandimvera chisoni? Anatenga chikalata chija n'kuchiponya pa gulu la pa foni la banja lonse, ndi mawu akuti: "Onani ntchito za mlamu wanu, ngakhale kuyeza katoni kukumukanika."

Lachisanu ndikukaonekera kwa mabwana, ndipo ntchito ikhoza kutha. Amuna anga akuti: "Ukangonena kuti tepi inafufutika manambala. Dzina la achemwali lisakamveke kumeneko." Tepiyo amasunga ndi mnzanga wa pa kauntala, amene amasainira zipangizo m'mawa uliwonse. Ndikuopa, Aphungu. Ndikanene chiyani?

Ine wothedwa nzeru,
T. M.

Mayi T. M.,

Choyamba ndikuyamikireni. Si aliyense angathe kulowetsa katoni ya firiji mu katoni ya nsapato ndi chala chimodzi, anthu akuona. Luso limeneli mabwana anu aliona kale, n'chifukwa chake akuitanani.

Tsopano nkhani ya tepi. Amuna anu ndi anzeru zedi, kungoti nzeru zawozo zakagwera ku mbali ya achemwali awo. Taganizani: mukaima pamaso pa anthu amene ali ndi chithunzi cha katoni, miyeso yake ndi dzina lanu, inu n'kunena kuti tepi inafufutika. Inafufutika pa katoni imodzi yokha tsiku lonse? Ndipo katoniyo n'kukhala ya munthu amene dzina la bambo wake likufanana ndi la amuna anu? Mabwanawo angakhale ogona, koma kuwerenga amatha. Akakukhulupirirani, mlandu ugwera mnzanu wosainira zipangizo, amene sanadyeko kanthu. Akapanda kukukhulupirirani, mwachoka pa kulakwitsa kamodzi, mwafika pa kunama pamaso pa mabwana. Woyamba uja amapatsidwa kalata yochenjeza nthawi zambiri. Wachiwiriyu amaperekezedwa pa geti.

Musadikire Lachisanu. Mawa m'mawa lembani kalata yaifupi kwa bwana wanu, muitumize pa imelo yomweyo imene inakuululani, kuti tsiku ndi nthawi zioneke. Nenani kuti munachepetsa miyeso mwadala, wotumiza ndi mlamu wanu, anakuchititsani manyazi pagulu, ndipo munalakwa. Basi. Musakometsere, musalembe mbiri ya banja lanu. Pemphani kuti akaone makatoni onse amene mwayeza chiyikireni makinawo. Ngati zaka zanu zija zili zoyera monga ndikuganizira, makina omwe akugwiraniwo ndi amene akhale mboni yanu. Muwerengenso malamulo a pa ntchito panu, muone ngati mukuloledwa kupita ndi munthu wokuperekezani pa tsikulo. Ngati n'zololedwa, musapite nokha.

M'kalata yanu mwalira za manyazi anu, koma kasitomala amene makatoni ake anatsala mwangomudutsa ngati chitsa. Iyeyo anayezetsa katundu wake moona, n'kusiyidwa kuti mapilo a alamu anu ayende motakasuka. Simukudziwa kuti m'makatoni akewo munali chiyani, kapena ndani ankawadikira. Muuzeni bwana kuti mukufuna kumupepesa, ndipo mukapepese ndi pakamwa panu, osati kubisala kumbuyo kwa ofesi.

Pa gulu la banja musayankhe kanthu. Pamenepo si bwalo la milandu, ndi msika. Koma amuna anu mukhale nawo pansi, muwafunse funso limodzi, modekha: achemwali awo ataponya chikalata chija, iwo analembapo chiyani? Ngati anangokhala chete, ndiye kuti dzina limene akuliteteza m'nyumbamo mwalidziwa. Alamu akadzabweranso ndi katundu, apatseni moni waulemu, muwapatse mpando, muitane mnzanu awayezere. Wachibale sayezedwa ndi wachibale, ndipo ndikadakhala bwana wanu lamulo limeneli ndikadalimata pa khoma.

Ndikumva chisoni nanu, musaone kuseka kwangaku. Kunyozedwa ndi mlamu pa mzere wa anthu kumawawa, ndipo ambiri akadagwa momwe munagwera inu. Koma manyazi anapha lambe, mayi. Sindingakulonjezeni kuti ntchito ipulumuka, ngakhale mutanena zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti mukanama ithadi, ndipo mukokera mnzanu m'dzenje lomwelo.

Chenjerani ndi kugula chikondi cha alamu ndi ntchito yanu. Ikadzatha, iwowo ndi amene adzayambe kufunsa achimwene awo kuti anatenga bwanji mkazi wongokhala pakhomo.

Aphungu