Jakisoni wa Tisungane

Lachiwiri, 5 Malichi 2019

Tsiku la jakisoni wa Tisungane. Mvula, matope mpaka mu akakolo. Chaka chatha atatupa maondo, adokotala a ku Boma anati matenda aja, oyamba ndi zilonda zapakhosi, anakhudza mtima. Jakisoni mwezi ndi mwezi, osadumphitsa, mpaka atakula. Ndi wowawa. Amatuluka akutsimphina koma salira.

Vuto ndi benchi. Kuchipatala kwathu kuno chipinda chobayira n'chimodzi, ndipo Lachiwiri ndi tsiku la amayi olera. Mwana wanga wa zaka 13 pakati pa ntchembere. Alamu anga a Zelesi analipo. Moni wawo unatalika, maso ali pachifuwa pa mwana.

Lachinayi, 7 Malichi

Ku Mvano. Nditangolowa nkhani inaduka. Potuluka a Zelesi, akumwetulira: “Alamu, mwachenjera. Mwatseka khola mbuzi isanatuluke.” Ndinaseka nawo. Chitsiru ine. Ndazindikira ndili kale panjira: akuti ndikumubayitsa wakulera.

Wakulera ndi wa miyezi itatu, iwonso amabayitsa, akudziwa bwino. Koma miseche siwerenga miyezi. Manyazi. Chakudya chandikana.

Lachiwiri, 2 Epulo

Sitinapite. Ndamuuza kuti mbatatesi zanga ziwola pa Lizulu ndikapanda kukhalapo. Bodza. Komatu ali bwinobwino, dzulo amasewera mpira wamanja mpaka dzuwa kulowa. Mwezi umodzi sungaphe munthu.

Bambo ake aimba kuchokera ku Joni, afunsa za jakisoni. Ndati zonse zili m'chimake.

Lachiwiri, 30 Epulo

Ndamupeza atasamba, nsapato atavala kale. “Amayi, lero ndi tsiku.” Ndamukalipira, ndati apite kusukulu, sindikufuna kukumbutsidwa ndi mwana. Watenga mabuku ake, wapita.

Kutchalitchi moni wabwerera. Andisankha mlembi wa Mvano.

Loweruka, 15 Juni

Ku Boma, wodi ya ana. Zinayamba ndi pakhosi nthawi yachisanu ija, kenako maondo, kenako befu. Mapazi atupa, silipasi sakulowa. Akugona chokhala, akagona chagada mpweya ukumuthawa.

Amujambula mtima. Adokotala akuti kachitseko kamodzi ka mumtima kawonongeka kuposa kale, magazi akubwerera m'mbuyo. Sikadzakhalanso ngati poyamba. Anamufunsa kuti jakisoni womaliza anabayidwa liti. Iye anangoyang'ana ine. Anandifunsa modekha ngati vuto linali thiransipoti. Ndinavomera. Thiransipoti yanji, chipatala timapita wapansi.

Bola akanandikalipira.

Lolemba, 17 Juni

A Zelesi abwera ndi nthochi ndi pemphero lalitali. “Nanga bwanji simunanene, alamu?” Ndinafuna kuwagenda ndi nthochi zawozo. Koma funsolo n'loona. Sindinanene. Ndinkaona ngati kufotokoza n'kudzitsitsa, ndiye ndinasankha kubisa mwana.

Atapita, Tisungane wandiuza, mawu akudukaduka. Kusukulu akhala akumutcha “mayi wolera” chiyambire Januwale. Anyamata anapeka ndi nyimbo yomwe. Sanandiuze poopa kuti ndisiya kumuperekeza. Mwana kusenza zimenezo tsiku ndi tsiku, n'kumavalabe nsapato Lachiwiri. Ine Lachinayi limodzi lokha, ndinagwa nalo.

Ndatuluka panja ngati ndikukatsuka mbale. Ndalira kuseri kwa thanki.

Lachiwiri, 16 Julaye

Tili kunyumba. Kutupa kwaphwa. Mapiritsi m'mawa ndi madzulo. Mpira basi, chidebe cha madzi basi. Pokwera kachitunda ka kuchigayo amaima kawiri, n'kumanamizira kuti akuchotsa mwala mu nsapato. Adokotala atchulako za opaleshoni m'tsogolo muno, sindinafunse zambiri. Bambo ake akudziwa kuti anadwala. Koma chimene chinachititsa sindinawauzebe. Aimba Lamulungu, ndipo ndiyenera kunena ndekha asanamve kwina.

Lero jakisoni. Anesi anati tikhoza kumabwera Lachisanu, benchi imakhala yopanda anthu. Ndinene zoona, mtima unati myaa. Ndikadali yemwe uja. Tisungane wakana. “Lachisanu kuli masamu. Wobayidwa ndine, amayi. Inu mungokhala pabenchi.”

Ndasita bulauzi yoyera ya Mvano ndi duku, ngakhale si Lachinayi. Aone bwino amene wabwera naye. Wakabaza akuliza belu panja, poti tsopano Tisungane sangayende mtunda uja. Iye wakwera kale, akundidikira