Mphuno Yanga Yasiya Ntchito

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Amayi chifuwa chija chinawasiya, ayambanso kukalipira nkhuku.

Iwe umagwira ntchito kuchipatala, tandiuza: kodi mphuno imafa payokha mwini wake ali moyo? Chichirireni matenda a mliri aja sindimva fungo. Ndayesa parafini, ndayesa ndimu, m'khola la mbuzi ndinalowa n'kukhala pansi. Zii! Koma dzana anyezi anandinunkhira ngati tayala lopsa. Zimayenda bwanji zimenezi?

Paja ukudziwa kuti anthu kuno asanasoke matumba amayamba aitana ine. Ndikapisa dzanja n'kununkhiza, ndimadziwa ngati chimanga chauma kapena ayi. Chaka chino tinakolola mochedwa poti nyumba iliyonse inali ndi wodwala, aganyu osapezeka. Chimanga chambiri chinagwa pansi n'kunyowa, ndiye oitana anachuluka.

Za mphunozi sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga. Manyazi.

Azakhali atandiitana ndinanunkhiza monga mwa masiku onse, n'kuwauza kuti asoke. Sabata yatha atamasula anapeza chimanga chachita nkhungu, chobiriwira. Matumba asanu! Pakhomo pali adzukulu anayi, msikanso ngotseka.

Ndinapita kukaulula. Ndinkayembekeza mawu owawa, koma anangondiyang'ana, kenako anafunsa ngati n'chifukwa chake tsiku lija ndinatsiriza ndiwo zawo zosasa n'kupemphanso zina. Anaseka mpaka misozi. Kuseka kutatha, misoziyo sinaleke.

Ndawapatsa matumba atatu a kwathu. Mkazi wanga sanatsutse, wangoti nyengo ya njala ikafika tizidzadya kamodzi patsiku, ndipo bodza langalo ndidzadyere nsima.

Pano ndikuphunzira kuyesa ndi mano. Njere youma ukailuma imalira kuti khe, yachinyontho imangophwanyika mwakachetechete. Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti chimanga chimayankhula.

Chonde undifunsireko kwa madokotala ngati fungo limabwerera, ndipo undiuze zoona, usandinyengerere ngati mwana.

Mawa m'mawa ndiyamba kuyenda m'nyumba zina zomwe ndinanunkhizako, zilipo zisanu ndi ziwiri, kukawauza kuti amasule matumba ayanike msanga. Mwina china chipulumuka. Undipempherere.

Mulungu akusunge kuntchito yoopsayo. Upereke moni kwa alamu, ndipo ana uwauze kuti malume awo akadali ndi mano onse.

Ndine,
Achimwene ako