Kumanja kwa Tuman

Lolemba, 9 Seputembala

Ndafika kuno kuphiri masana, msana ukuwawa ndi galimoto yochokera ku tauni ya Naryn. Amayi awonda. Loweruka ndi sadaka ya chaka ya Bambo, ndiye Lachisanu m'mawa paphedwa hatchi kuti alendo adye. Bambo aang'ono, a Kubat, asankha kale: Tuman. Hatchi yanga! Bambo anandipatsa ali kamwana, n'kumuphunzitsa okha ine ndili kusukulu ya unamwino. Chimwalirire iwo palibe wamukwera. Amuna atatu anayesa, onse atatu anagwa chagada.

Ndakangana nawo a K. mpaka tiyi kuzizira. Pomaliza akuti, "Chabwino, adokotala. Ukamukwera kupita kumtsinje n'kubwerako tisananole mpeni, ndipha yanga." Akati adokotala ndiye kuti akundinyoza.

Lachiwiri, 10 Seputembala

Ndamugwira ndi mchere. Wabwera yekha, wanyambita m'manja, wandinunkhiza tsitsi. Ndinali nditaiwala kuti ndi wamkulu chonchi. Wotuwa ngati phulusa, khosi ngati thunthu la mtengo. Mpweya wake wofunda unandidutsa m'khosi mpaka misozi.

Koma nditapita kumanzere kwake, monga achitira munthu aliyense wokwera hatchi, n'kungokhudza chopondera phazi cha pachishalo, walumpha cham'mbali ngati wapsa. Kawiri. Kachitatu ndagwa, chigongono chasupuka. A K. anali pakhomo ndi mbale ya mkaka wosasa, akuti mankhwala ndili nawo kale m'chikwama.

Pachingwe chachitali, kuzungulira cha kumanja amayenda bwino zedi. Cha kumanzere amakana, amatembenuka n'kundiyang'ana. Chikwapu sindinamenye nacho. Dzanja linakana.

Lachitatu, 11 Seputembala

Sindinamugwire. Ndakhala pamwala tsiku lonse kuyang'ana gulu lonse la hatchi likudya.

Pali yaikazi ina yokalamba, yakuda. Tuman sasiyana nayo, ndipo nthawi zonse imakhala kumanzere kwake, mapewa pafupifupi kukhudzana. Ikadzutsa mutu, iyenso amadzutsa. Galu atadutsa mbali imeneyo, yakudayo inamuona, Tuman ayi, mpaka galuyo atauwa.

Ndinatsika pamwala paja. Ndinaima kutsogolo kwa Tuman, n'kuyendetsa mpango pang'onopang'ono pafupi ndi diso lakumanja. Anaphethira. Lakumanzere, zii. Ndi loyera bwinobwino, lokongola, kungoti mkati mwenimweni muli kamtambo kotuwa. Ine namwino wathunthu, woyang'ana maso a anthu tsiku ndi tsiku, dzulo lonse osaona! Manyazi.

Ndiye madzulo gulu likutsika kukamwa madzi, ndamuona akuthamanga pamalo otsetsereka a miyala yoterera aja, pamene ine wamaso awiri ndimatsika chokhala. Osapunthwa ngakhale kamodzi. Khutu lakumanzere limangotembenuka, kumvetsera mapazi a mnzake uja. Ndinangoti kukamwa yasa mpaka fumbi litatha.

Lachinayi, 12 Seputembala

Ndawauza Amayi za disolo tikukanda ufa wa timandasi ta alendo. Manja awo anaima. Akuti akudziwa. Diso linafa Tuman ali ndi zaka ziwiri, nthambi inamubaya. Bambo anawalumbiritsa kuti asauze munthu, poopa kuti abale anena kuti hatchi ya diso limodzi ndi nyama basi. Ankamumanga chishalo ndi kumukwerera kumanja, kuseri kwa khola, mbandakucha, n'kutulukira kwa anthu ali kale pamwamba. Potsikanso ankapita kuseri komweko. Zaka zinayi! Bambo anga, amene ankaseka aliyense wokwerera kumanja kuti ndi mlendo wa m'tauni wosadziwa mutu ndi mchira.

Ndinafunsa chifukwa chake sananene Lolemba. Akuti, "Ndikanena, amupha chifukwa cha diso. Ndikakhala chete, amupha chifukwa cha ukali. Ndiye ndinasankha kusunga mawu a bambo ako."

Ndapita naye kuseri kwa khola. Mwala wopondapo ulipo, wosalala pamwamba. Tuman anakaima yekha pafupi nawo, mbali yakumanja. Sindinamukoke ayi. Anaima, n'kutembenuza mutu kundiyang'ana ndi diso lake lija, ngati akufunsa kuti ndachedwa kuti chaka chonse. Mwendo wanga wakumanja sudziwa ntchito imeneyi, ndinakwera ngati thumba la mbatata. Iye osasuntha.

Tayenda pang'ono kuseri kwa chitunda. Ndikafuna kukhotera kumanzere ndimayamba ndamuyankhula, n'kuika dzanja pakhosi mbali yosaonayo. Amapendeketsa mutu, n'kupita. Akundikhulupirira pa theka lonse la dziko limene saliona.

Vuto ndi mawa. A K. afuna kundiona ndikukwera ndi maso awo. Akaona mbali, afunsa chifukwa.

Lachisanu, 13 Seputembala

Anabwera dzuwa litangotuluka, a K. ndi amuna anayi, zingwe ndi mpeni wokulunga m'nsalu. Ndinatulutsa Tuman ali ndi chishalo kale. Ndinazungulira kutsogolo kwake n'kuima kumanja. Kuseka kwake! Wina akuti ku Naryn amakwera basi chotero. Ndinakwera.

Kumtsinje sindinamuthamangitse, anathamanga yekha. Mphepo m'makutu, udzu ukungodutsa, pansi panga mphamvu yoti sindinaimvepo chibadwire. Tinalowa m'madzi mpaka m'mawondo mwake, tinatembenuka, tinabwerera.

Pofika palibe ankaseka. Nditatsika, kumanja komweko, a K. anabwera kwa Tuman. Anavula chipewa, n'kuchiyendetsa pafupi ndi diso lakumanzere. Kenako kachiwiri. Ndinati basi, zatha.

Anafunsa kuti chiyambire liti. Amayi anayankha ali pakhomo kuti chiyambire ali ndi zaka ziwiri.

A K. anakhala pansi pa udzu wonyowa, munthu wosalola ngakhale fumbi pa malaya. Anayamba kufotokoza, osayang'ana aliyense, za chaka chimene chipale chofewa chinawapeza pamwamba pa phiri ndi nkhosa. Njira inakwiririka, kanjira kake kongokwana hatchi imodzi, phompho lili kumanzere. Hatchi zonse zinakana. Mkulu wawo, Bambo anga, anatsogola pa Tuman, akumuyankhula njira yonse, dzanja lili pakhosi, ena onse akuponda m'mapazi mwake.

"Ine ndinkayesa akupemphera," anatero. "Phompho linali mbali iyi, Burul. Mbali iyi."

Anandiitana dzina langa. Sindikumbuka tsiku lomaliza limene anatero.

Anadzuka, anauza amuna aja kuti akagwire hatchi ya iwo eni, yofiira yonenepa, ili kutsidya, iphedwe m'malo mwa Tuman. Kenako anati wina awatsogolere pa hatchi, chifukwa yofiirayo ndi yothamanga. Onse anayang'ana ine.

Ndinagwira zingwe. A K. anayamba kupita kumanzere mwachizolowezi, anaima, anazungulira kutsogolo kwa Tuman, dzanja lili pamphuno pake. Anafika kumanja n'kundigwirira chopondera.